Tikapita ku Liwonde, Madzi a Wudhu Tinyamuliretu



Mvula yayamba kukata, chimanga chikuuma m'minda, ndipo monga mwa chaka ndi chaka makomiti a madrasa ndi magulu a amayi ayamba kusonkherana ndalama zoti akaonetse ana nyama zakutchire. Kwa ife a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka, malo apafupi ndi nkhalango ya Liwonde National Park, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973. Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malombe umadutsa m'nkhalango imeneyi kulowera kummwera mpaka kukafika pa Kamuzu Barrage m'tauni ya Liwonde.

Ulendo wotere ife tikuuvomereza ndi mtima wonse. Mwana amene wakhala akunena Surat Al-Fil pamtima kuyambira ali wamng'ono, ndi bwino kuti tsiku lina aione njovuyo ndi maso ake, aone mmene imathyolera mtengo wa tsanya ngati phesi la chimanga, kenaka anene yekha kuti Subhanallah popanda womuuza.

Koma tineneretu zoona zake za nyengo ino ya masika, kuopa kuti ana angabwereko atakhumudwa. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi udzu umakhala wautali, ndipo madzi amakhala ali ponseponse m'madambo ndi m'zithaphwi, kotero nyama sizikakamizika kubwera kumtsinje. Zimamwazikana. Misewu ina ya dothi la makande imakhalabe ndi matope moti minibasi siingadutse. Amene akufuna kuona nyama zochuluka pamalo amodzi adikire Seputembala kapena Okutobala, ngakhale kuti nthawi imeneyo kutentha kwa kumeneko sikwamasewera. Panopa ulendo wokoma ndi wa pa boti, chifukwa mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi mbalame zina zam'madzi sizisowa. Udzudzu ulipo wambiri, choncho masikito asaiwalike. M'nkhalango ya tsanya mulinso akashembe, ntchentche zoluma zija, ndipo zimakopeka ndi nsalu zakuda ndi zabuluu. Alongo athu amene anazolowera kuvala zakuda kuchokera kumutu mpaka kumapazi, tsiku limeneli asankhe chovala chotalika chomwecho koma cha mtundu woyererako. Chofunda nachonso chikhalepo, pakuti mu Meyi kum'bandakucha kumayamba kuzizira.

Chinanso, nkhalangoyi si ija ankaidziwa makolo athu. Kuyambira m'chaka cha 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo anaizunguliza ndi mpanda wamagetsi. Mu 2017 anabweretsamo akakwiyo, nyama zaliwiro zamawangamawanga ngati kambuku, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere 17 zochokera ku South Africa, ndipo mu 2021 mimbulu. Njovu zinaswana mpaka mu 2022 zokwana 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. Tsono nkhani yoyenda pansi, kaya kukwera phiri la Chinguni kaya kungozungulira kufupi ndi msasa, imachitika pokhapokha pali mlonda wa nkhalango wonyamula mfuti. Mnyamata wa madrasa amene akuti iye ndi wolimba mtima, mugwireni mkono.

Komabe mikango si imene yatichititsa kulemba nkhani ino. Mkango aliyense amauopa. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi madzi, ndipo chifukwa chake n'chakuti ife anthu a kunyanja madzi sitiwaopa. Tinabadwira pamchenga, timachapa m'nyanja, timatsuka mbale m'nyanja, ana athu amasambira asanadziwe kuwerenga. Msilamu wa kunyanja akaona madzi nthawi ya Swala itakwana, miyendo imapita yokha.

Tinazionera tokha pa ulendo wina. Dzuwa litangolowa, bambo wina wachikulire, msodzi wa zaka zambiri, anapinda buluku lake, natenga kaketulo, nayamba kutsetserekera kugombe kuti akatunge madzi a wudhu wa Maghrib. Mlonda anamuthamangira namubweza. Mkuluyo zinamunyansa, nati: "Mwana wanga, ine ndakalambira pamadzi, ungandiphunzitse iwe za ng'ona?" Mlondayo anayankha mwaulemu kuti: "Pepani bambo, kwanu ng'ona ndi mlendo, koma kuno ndi kwawo." Atawalitsa tochi pamwamba pa madzi, tonse tinaona timaso tofiira tikunyezimira m'mbali mwa bango, pafupi ndithu ndi pomwe mkuluyo amati akagwade.

Taganizirani mmene munthu amakhalira pochita wudhu m'mbali mwa mtsinje. Amanjuta kapena kugwada, mutu wawerama, manja ali m'madzi, ndipo posambitsa nkhope maso amatsinzina. Ng'ona imagwira nyama pa nthawi yomwe yawerama kuti imwe, ndipo siisiyanitsa pakati pa mbawala ndi shehe. M'nyengo ino madzi amakhala odzadza komanso amatope, udzu wafika mpaka m'mphepete, moti ngakhale ng'ona yaikulu simungaione.

Palinso mvuu. Masana imakhala m'madzi, koma kukamada imatuluka kukadya udzu kumtunda, ndipo imabwerera kum'bandakucha. Onani tsono mmene nthawi zimenezi zikugwirizanirana ndi zathu: ikamatuluka ndi nthawi ya Maghrib, ikamadya pafupi ndi mahema ndi nthawi ya Isha, ikamabwerera ndi nthawi ya Fajr. Alendo ena amene amagona m'misasa imeneyi amakhala ali m'tulo mpaka dzuwa litatuluka. Amene amadzuka mumdima kufunafuna madzi ndi ife. Ndipo munthu akapezeka pakati pa mvuu ndi mtsinje, mvuuyo siikhota.

Chipembedzo chathu sichinatipanikize pa zimenezi. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ankachita wudhu ndi madzi a muyeso wa mudd, omwe sakwana ngakhale lita imodzi. Wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala za maraka anayi kukhala awiri, komanso kuphatikiza Zuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Kwa ife otsata Imam Shafi'i, mtunda wa ulendowo umayenera kukhala wa makilomita pafupifupi 80. A ku Salima ndi Nkhotakota palibe chokayikitsa, koma a kufupi ndi nkhalango afunse ashehe awo asananyamuke. Banja la anthu 6 lophatikiza Swala limachita wudhu katatu patsiku, ndiye kuti chigubu chimodzi cha malita 20 chikwanira tsiku lonse ngati sitikuwaza madzi mwachisawawa. Chigubucho chidzadzidwe pampopi dzuwa lisanalowe, chigone pakhomo pa hema.

Nanga madzi akatha usiku? Tayammum inatchulidwa mu Surat An-Nisa ndi mu Surat Al-Ma'idah, ndipo ma ulama anafotokoza kalekale kuti munthu amene madzi akuwaona, koma pakati pa iye ndi madziwo pali chilombo chimene chingamuphe, ali ngati munthu amene alibe madzi. Amenye manja pa dothi loyera la fumbi, apake kunkhope, amenyenso, apake mikono mpaka m'zigongono. Poti m'masika nthaka imakhala yonyowa ndi mame, ena amanyamuliratu dothi louma m'kathumba, ndipo ife sitikuonapo cholakwika.

Za Qibla musavutike nazo. Kuchokera kuno kwathu ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa, komwe kukuchokera madzi a Shire. Mkeka uyalidwe pafupi ndi hema kapena galimoto, osati pa kanjira koterera kochokera kumtsinje, pakuti timeneto ndi tinjira ta mvuu. Ngati pali njovu pafupi, dikirani idutse kaye.

Amayi, ana ang'onoang'ono agone pakati, ndipo m'hema mukhale kachidebe koti azigwiritsa ntchito usiku, asatuluke okha kupita kuchimbudzi. Zakudya zonse, makamaka zipatso, zitsekeredwe m'galimoto, chifukwa masana kuli anyani ndipo usiku kuli njovu. Mtsogoleri wa ulendo awerenge ana pokwera boti ndi potsika, ndipo pa botilo dzanja la mwana lisalendewere m'madzi.