Pikapu ya malemu bambo siyichoka pano

Abale anga a m'tauni, mundikhululukire, lero ndilankhula. Mphwanga wandidzazira foni ndi zithunzi za galimoto zachikale za ku America, zija amati hot rod. Kumapeto kwake ndi pomwe waulula: akufuna Datsun ya malemu bambo ipite ku Lilongwe, akaitsitse mpaka mimba kukhudza pansi, aipake utoto wofiira, izikaonetsedwa kwa anthu.

Ndakana, ndipo mawa ndikananso.

Musandiyese mbuli, mbiri yake ndikuidziwa. Anayambitsa ndi anyamata a ku California cha m'ma 1930. Ndalama yogulira yatsopano analibe, ndiye ankatola Ford yakutha, kuchotsa madigadi ndi chilichonse cholemera, kuwonjezera mphamvu ya injini, n'kukapikisana pa nyanja zouma za m'chipululu. Amenewo ndimawavulira chipewa, ndi anzake a makaniki wathu wa pansi pa mango uja. Koma za lerozi? Zina zimapita ku chionetsero zitakwezedwa pa ngolo kuopa fumbi, n'kuziikira magalasi pansi kuti anthu aone kunyezimira kwa kunsi. Galimoto yoopa fumbi, abale!

Yathuyi ndi imene imatuta chimanga cha mudzi uno. Dzinja lapitali inanyamula mayi wapakati usiku, matope ali tho, mpaka kuchipatala. Mukaitsitsa, pa chigwembe cha kudambo paja idzadutsa bwanji? Odwala tidzabwerera nawo pa njinga?

Mphwanga, ngati ya utoto uli nayo, tumiza ya matayala awiri akumbuyo. Atha mpaka waya kuonekera.