Chikwama cha m'manja si nkhokwe ya mudzi wonse

Pa Phwezi, m'boma la Rumphi, msewu wa M1 sugona. Mabasi ochokera ku Karonga ndi ku Songwe akamaliza kukwera zitunda za Chiweta amadutsa pano kulowera ku Mzuzu, ena mpaka ku Lilongwe. Mabanja ambiri a kunyanja amalidziwa dzinali chifukwa cha sukulu za sekondale zomwe ana awo amaphunzirako. Ife amene tinakhazikika kuno, ochepa monga tilili, tinabwera ndi malonda ndi ntchito kuchokera ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo mmodzi mwa ife akamanyamuka ulendo wautali timamuperekeza tonse mpaka pamsewu.

Ndi mmene tinaperekezera bambo ena achikulire, a golosale, amene amapita ku Umrah atasunga ndalama kwa zaka zingapo. Madzulo oti mawa anyamuka, chitseko cha nyumba yawo sichinatsekedwe. Uyu anabweretsa ndalama ya tende, uyo ya mkeka woswalirapo, mayi wina ya mafuta onunkhira, wina ya tasbihi za ana ake. Bambowo analemba maina onse m'kabuku, ndipo atasinthitsa ndalamazo movutikira, zonse zinalowa m'kachikwama kakuda kopachika paphewa, pamodzi ndi madola awo, foni, magalasi, ndi mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi.

Pa bwalo lina la ndege kunja kwa dziko lino, akudikira ndege yachiwiri, nthawi ya swala inakwana. Anapempha munthu amene anakhala naye pafupi, wolankhula mokoma ndi wovala mwaulemu, kuti awaonere chikwamacho pomwe iwo akukapanga wudhu. Pobwera anapeza mpando wokha. Pasipoti inapulumuka chifukwa inali m'thumba la mkanjo pamodzi ndi tikiti. Anzawo a paulendo anawasonkhera ya chakudya, koma mankhwala anakhala masiku awiri osamwa chifukwa maina ake sankawadziwa. Iwo ankangodziwa kuti m'mawa amamwa koyera, madzulo kofiira. Kwa apolisi sanapite. Chilankhulo chinawavuta, ndege inali pafupi kunyamuka, ndipo koposa zonse anachita manyazi. Atabwerako anagulitsa mwakachetechete gawo la katundu wa m'golosale n'kubweza ndalama ya munthu aliyense. Ife tinamva nkhaniyi patapita miyezi, titadabwa ndi mashelefu opanda kanthu.

Tikulemba izi osati pofuna kuwaseka bambowa. Mlandu waukulu uli ndi ife amene tinawasenzetsa chuma cha mabanja ambiri m'kachikwama kamodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wowauza zomwe zimachitika pa mabwalo a ndege.

Ambiri timaganiza kuti chilichonse chotayika paulendo wa pandege, kampani ya ndege imalipira. Sizili choncho. Kuseri kwa tikiti, kapena m'malemba ang'onoang'ono otsagana nayo, mumatchulidwa mapangano a maiko oyendetsera nkhanizi: lakale la ku Warsaw la mu 1929 ndi latsopano la ku Montreal la mu 1999. Pangano la ku Montreal limasiyanitsa katundu pawiri. Sutikesi yomwe mwapereka pa kauntala, n'kuyezedwa pa sikelo, n'kumatidwa kapepala, ili m'manja mwa kampani, ndipo ikasowa kapena kuwonongeka kampaniyo iyenera kuyankha. Koma chikwama chomwe mwalowa nacho nokha m'ndege chili m'manja mwanu. Kampani imalipira pokhapokha zitaoneka kuti kulakwa kunali kwake kapena kwa antchito ake. Munthu akakuberani pampando wodikirira, kapena mnzanu wa m'ndege akapisa dzanja m'chikwama chanu inu muli mtulo, kawirikawiri palibe amene angakubwezereni kanthu. Ngakhale pomwe kampani yavomera kulakwa, chipukuta misozi chili ndi malire: kuyambira pa 28 December 2024 malirewo ndi 1,519 SDR pa munthu mmodzi, yomwe ndi ndalama yoyandikira madola 2,000 a ku America. Ameneyo ndi malire chabe. Zomwe mungalandire zimatengera umboni wa zomwe zinalimo.

Tsono apa pali chovuta chenicheni. Makampani omwewo amalangiza kuti ndalama, zikalata, mankhwala ndi zipangizo zodula zisaikidwe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, ndipo mabatire apadera otchajira foni saloledwa n'komwe kumeneko. Zamtengo wapatali zonse zimathera m'chikwama cha m'manja, chomwe ndi chimene lamulo silichiteteza kwenikweni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pa ulendo wa pandege, chako ndi chimene chili pathupi pako. Cha m'chikwama, ngakhale chili pafupi, chili pachala.

N'chifukwa chake ife tikuti pasipoti, tikiti, khadi la katemera, khadi la ku banki ndi gawo lalikulu la ndalama zisamakhale m'chikwama ayi. Zikhale m'kathumba kolendewera m'khosi kobisika mkati mwa malaya, kapena m'lamba wa m'chiuno wokhala ndi zipi, wonga amene abambo amamanga akavala ihram. Amayi athu a kunyanja safunika kuphunzitsidwa zimenezi. Akhala akumanga ndalama ya usipa pamfundo ya chitenje kuyambira kalekale. Amene timavuta ndife abambo, okonda kunyamula kachikwama kooneka bwino ngati tikupita ku ofesi. Ndalama nayo igawidwe: ina pathupi, ina m'chikwama, ina kwa mkazi kapena mnzanu wodalirika wa paulendo. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse tikudziwa thukuta lomwe limatuluka kuti munthu apeze madola 100. Chuma chotere sichiyenera kugona pamalo amodzi.

Malo omwe zikwama zimasowera ndi odziwika. Pa makina ounikira katundu, munthu amavula lamba, wotchi, nthawi zina nsapato, n'kuika zonse m'mathireyi. Mtima uli pa kudutsa pachipata chija osalira belu, ndipo thireyi ya foni ndi chikwama imatsogola yokha. Ndi bwino kuika foni ndi wotchi mkati mwa chikwama musanafike pamenepo, n'kudikira kuti wapatsogolo panu adutse musanakankhe thireyi yanu. M'ndege momwe, makamaka maulendo a usiku magetsi akazimitsidwa, alipo anthu amene amatsegula mashelefu a pamwamba ngati akufuna chawo, pomwe akusanthula cha wina. Chikwama chikaikidwa pa shelefu ya tsidya lina la kanjira, moyang'anizana ndi mpando wanu, mumachiona bwino kuposa chomwe chili pamutu panu, ndipo zipi yake iloze mkati. Kachikwama kakang'ono kangakhale pansi pa mpando wa kutsogolo, pamapazi panu. Palinso nthawi ina yomwe ambiri amadzidzimuka nayo: ndege ikadzaza, kapena ikakhala yaing'ono, antchito amatha kutenga chikwama cha m'manja pakhomo penipeni n'kuchitumiza pansi. Pamenepo musachite manyazi kuimitsa mzere kwa mphindi imodzi kuti mutulutse mankhwala, ndalama ndi zikalata, ndipo kapepala komwe akupatseni kasungeni ngati ndalama.

Koma kusamala kuli ndi malire ake, ndipo tsiku lina chikwama chidzasowabe. Pamenepo chimene chimapulumutsa ndi kufulumira. Mukazindikira muli m'ndege, uzani antchito a m'ndegemo nthawi yomweyo, ndege isanatere, chifukwa woyendetsa angathe kuitanitsa apolisi kuti adikire pakhomo anthu asanabalalike. Mukangotsika, simuloledwanso kubwereramo. Chomwe mwaiwala m'ndege chimafunsidwa ku ofesi ya kampani ya ndegeyo, pafupi ndi potengera masutikesi. Chomwe chatayika m'mabwalo odikirira kapena pa makina ounikira chimafunsidwa ku ofesi ya katundu wotayika ya bwalolo ndi kwa apolisi ake. Kulikonse komwe mwadandaula, musachoke opanda pepala lokhala ndi nambala, tsiku ndi chidindo. Mawu a pakamwa akuti “tikuimbirani” sagwira ntchito ku inshuwalansi, ku banki, ngakhale ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Ngati chikwamacho chinatengedwa pakhomo n'kutumizidwa pansi, chasanduka katundu wa m'manja mwa kampani, ndipo mulembetse fomu yotchedwa Property Irregularity Report musanatuluke pabwalo. Pangano la ku Montreal limapereka masiku 7 odandaulira polemba ngati katundu wafika atawonongeka, ndi masiku 21 ngati wafika mochedwa.

Foni ikapita, ganizo loyamba likhale pa ndalama zomwe zili mu Airtel Money kapena Mpamba ndi pa khadi la ku banki. Wina kunyumba adziwe manambala oti aimbe kuti zitsekedwe. Nambala yeniyeni ya foniyo, yomwe imaoneka mukaimba *#06#, ilembedwe pa pepala musananyamuke, pakuti apolisi amaifunsa.

Pasipoti ndiyo nkhani yolemera koposa. Munthu wopanda pasipoti pa bwalo la dziko lina sangapitirize ulendo, ndipo kubwerera kwawo kumafuna kalata ya apolisi ndi chiphaso chapadera chochokera ku ofesi ya kazembe. Malawi ali ndi maofesi otere ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Pretoria ndi ku Johannesburg, yomwe ndi mizinda kapena maiko omwe ambiri mwa ife timasinthirako ndege tikanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kapena pa Chileka. Ntchito ya akazembe imapepuka ngati munthu ali ndi chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti ndi cha chiphaso cha unzika. Kujambula ndi foni n'kutumizira mwana wanu pa WhatsApp sikutenga mphindi ziwiri. Amene anavutika kumayambiriro kwa 2024, pomwe ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu yambiri m'dziko muno, akudziwa kuti kabuku aka sikabwerera msanga kakatayika. Kwa ife a kuno, kulowa m'malo mwa pasipoti yotayika ndi maulendo a ku Mzuzu obwerezabwereza, golosale ili yotseka.

Tibwerere ku chizolowezi chathu chotumizana. N'chokoma, ndipo sitikuti chithe. Munthu amene sanathe kupita amafuna kuti dzanja lake lifike kumeneko kudzera mwa mbale wake. Koma zomwe timapereka ndi amana, ndipo amana imalemera. Masheikh amatiphunzitsa kuti wosungiridwa chinthu sakakamizidwa kulipira ngati chatayika iye atasamala mokwanira. Amalipira ngati ananyalanyaza kapena kuchita mosayenera. Kodi kusiyira chikwama munthu wosamudziwa ndi kunyalanyaza? Funso limeneli likanayenera kupita kwa odziwa, ndipo mwina otumiza ena akanakhululuka ndi mtima woyera akanamva zomwe zinachitika. Bambo aja sanapatse aliyense mpata umenewo. Anadziweruza okha, nalipira okha, chifukwa pakati pathu munthu woberedwa timamuyang'ana ngati wopusa. Manyazi amenewa ndi amene anawatsekereza kupita kwa apolisi a pabwalo paja, komwe makamera mwina akanaonetsa nkhope ya wakubayo.

Kwa amene amakonza maulendo a Hajj ndi Umrah, pamodzi ndi mabungwe athu monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, pempho lathu n'lakuti pa maphunziro omwe amaperekedwa kwa oyenda pakhale ola limodzi la zinthu zooneka zazing'onozi. Ambiri mwa oyendawa ndi okalamba, ena kukwera ndege n'koyamba, ndipo Chingerezi cha pa zikwangwani sichiwathandiza. Aikidwe awiriawiri, kuti mmodzi akamapita kukapanga wudhu kapena ku chimbudzi, mnzake atsale ndi katundu. Aliyense akhale ndi kakhadi m'thumba kolembedwa dzina lake, nambala ya mtsogoleri wa gulu, ndi maina a mankhwala amene amamwa monga alembedwera pa paketi. Auzidwenso mosapita m'mbali kuti asanyamulire munthu wosamudziwa phukusi lililonse, ngakhale atapempha ndi misozi kapena ndi salamu yomveka bwino. Chopezeka m'chikwama chanu mlandu wake ndi wanu, ndipo ku Saudi Arabia chilango cha mankhwala ozunguza bongo chimafika pa kunyongedwa.

Mbali inanso ndi ya ife amene tingatole cha wina. Malamulo a chipembedzo chathu pa katundu wotoledwa ndi omveka: si wako, ndipo ngati ndi wamtengo uyenera kulengezedwa kwa chaka chathunthu kuti mwini wake apezeke. Pa bwalo la ndege kulengeza kwake n'kosavuta. Chikwama chopanda mwini musachigwire kapena kuchitsegula, pakuti achitetezo amachiona ngati choopsa, aitaneni iwo. Foni kapena pasipoti yomwe mwaipeza m'kathumba ka mpando iperekedwe kwa antchito a m'ndege musanatsike. Zomwezi zigwire ntchito m'mabasi a mu M1, momwe zikwama za ana a sukulu zimaiwalika pa Phwezi pano sukulu zikamatsekera.

Bambo a golosale aja ayambanso kusunga ndalama, ulendo uno ya Hajj. Akazi awo awasokera kale kathumba ka nsalu yolimba, ka chingwe cha m'khosi, ndipo mdzukulu wawo walemba maina a mankhwala onse pa khadi. Otumiza awauza kuti adzapereke ndalama zawo kwa mtsogoleri wa gulu ndi kulembetsa risiti.