Chuluke chuluke ngwa njuchi: apolisi a ku America ndi bodza la FBI

Mafilimu atiwononga mitu, anzanga. Nonse mukuidziwa sini ija. Munthu waphedwa, apolisi a m'tauni azunguliza tepi yachikasu, kenako pakutulukira magalimoto akuda, mukutsika azibambo a masuti, mmodzi akuonetsa chiphaso n'kunena kuti mlanduwu tsopano uli m'manja mwa FBI. Wapolisi wa m'tauni uja amangotsinya nkhope n'kupatuka. Ife kuno timaonera zimenezi n'kumaganiza kuti FBI ndiyo Area 30 ya ku America, kuti wapolisi aliyense kuyambira ku New York mpaka ku Los Angeles ali ndi bwana mmodzi ku Washington. Ayi ndithu. Ndipo bodza limeneli limatibisira vuto lenileni lomwe laphetsa anthu.

Tiyeni tiyambe ndi mmene zinthu zilili. Mkulu wa FBI sangachotse ntchito wapolisi wa mumzinda wa Minneapolis. Sangamulamule ngakhale kuti asunthe galimoto. Malamulo aakulu a dzikolo, pa ndime yachikhumi mwa zomwe anawonjezera mu 1791, amati mphamvu iliyonse yomwe sinaperekedwe ku boma lalikulu la ku Washington imatsala m'manja mwa ma state, zigawo 50 zija monga Texas, Georgia ndi Ohio. Kupha munthu, kuba, kugwiririra, nthawi zambiri ndi milandu ya state. Mu 1963, pomwe John F. Kennedy anawomberedwa, kupha pulezidenti sunali mlandu wa federal. Lee Harvey Oswald anali m'manja mwa apolisi a mumzinda wa Dallas, ndipo anaphedwera m'manja mwawo momwemo. Lamulo loika mlandu wotere m'manja mwa federal linabwera mu 1965.

Apolisiwo agawanika chonchi. Mzinda uli ndi polisi yakeyake, yomwe imayankha kwa meya kapena khonsolo. Kunja kwa mzinda kuli county, dera lomwe tingaliyerekeze ndi boma ngati Dedza kapena Mulanje, ndipo mkulu wa chitetezo kumeneko ndi sheriff. Ameneyu, m'madera ambiri, amachita kuvoteredwa ngati phungu, ndipo ndiye amasunganso ndende ya m'deralo. Ma sheriff alipo opitirira 3,000. Pamwamba pake pali polisi ya state, yomwe imayang'anira misewu ikuluikulu ndi kufufuza milandu yomwe yakanika pansi. Kenako ndiye pali a federal: FBI, DEA ya mankhwala osokoneza bongo, ATF ya mfuti ndi mabomba, ICE ya olowa ndi kutuluka, Secret Service, ndi ena. Awa amalowerera pa milandu yodutsa malire a ma state, kuthyola mabanki, uchigawenga, ndi kuphwanya ufulu wa anthu. Onjezeraninso apolisi a mayunivesite, a masukulu, ndi a madera a eni nthaka oyambirira. Mukawerenga zonse pamodzi, nthambi za polisi zoima pazokha zilipo pafupifupi 18,000. Ndikunena nthambi, osati anthu. Iliyonse ndi bwana wake, malamulo ake, ndi kalembedwe kake ka ntchito.

Okonda dongosololi ali ndi mfundo, ndipo sindiibisa. Amati pulezidenti wankhanza sangadzuke m'mawa n'kulamula apolisi onse a m'dziko kuti akagwire otsutsa. Zoona. Ma sheriff awiri, Jay Printz wa ku Montana ndi Richard Mack wa ku Arizona, anakana kugwira ntchito yomwe boma la federal linawapatsa yofufuza mbiri ya ogula mfuti, ndipo mu 1997 khothi lalikulu linagwirizana nawo: Washington singasandutse apolisi a m'madera kukhala antchito ake. Ife tomwe tinakulira m'dziko la polisi imodzi, yomwe mkulu wake amasankhidwa ndi pulezidenti, sitikusowa otiuza kukoma kwa mfundo imeneyi.

Amatinso kugawanikaku kumapereka khomo lachiwiri chilungamo chikakanika koyamba. Izinso n'zoona. Mu 1964 ku Mississippi, anyamata atatu omenyera ufulu wovota wa anthu akuda, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa ndi a Ku Klux Klan mothandizidwa ndi wachiwiri kwa sheriff, Cecil Price. State sinazenge aliyense mlandu wakupha panthawiyo. Boma la federal ndi lomwe linawatengera kukhothi, ndipo mu 1967 anthu asanu ndi awiri anapezeka olakwa. Apolisi omwe anamenya Rodney King ku Los Angeles mu 1991 anamasulidwa ndi khothi la state mu 1992, koma awiri a iwo anadzamangidwa ndi khothi la federal mu 1993.

Ndiye ine mkangano wanga suli pa kugawana mphamvu pakati pa state ndi Washington. Uli pansi apa, pa timagulu 18,000 tija. Pafupifupi theka la nthambi za polisi za m'matauni lili ndi apolisi osakwana khumi. Tangoganizani kuti Nsundwe, Jenda, Thondwe ndi Bangula aliyense ali ndi polisi yakeyake, yolipidwa ndi khonsolo yake, yopanda woiyang'anira pamwamba. Amati ndi ulamuliro wa anthu eni dera. Koma eni dera ake ati?

Pitani ku Ferguson, katauni ka ku Missouri komwe kanali ndi anthu pafupifupi 21,000 pomwe Michael Brown anawomberedwa kumeneko mu 2014. Unduna wa zachilungamo utafufuza, lipoti lake la mu March 2015 linapeza kuti akuluakulu a tauniyo anasandutsa polisi ndi khothi kukhala njira yopezera ndalama. Apolisi ankakakamizidwa kulemba zindapusa zambiri kuti bajeti ikwane, ndipo omwe ankafinyidwa kwambiri anali anthu akuda osauka. Ukalephera kulipira, chindapusa chimakwera. Ukaphonya tsiku la kukhothi, chikalata chokumanga chatuluka. Kumeneko nkhanza sizinachokere ku Washington. Zinachokera ku ofesi ya tauni, pamsewu womwewo.

Vuto lachiwiri ndi wapolisi woyendayenda. Timothy Loehmann anali wapolisi ku Independence, katauni ka ku Ohio. Mu 2012 bwana wake analemba kuti mnyamatayu sayenera ntchitoyi, sakhazikika maganizo akagwira mfuti. Anatula pansi udindo asanachotsedwe. Mu 2014 mzinda woyandikana nawo wa Cleveland unamulemba ntchito osawerenga failo ija. Mu November chaka chomwecho, Loehmann anawombera Tamir Rice, mwana wa zaka 12 yemwe ankasewera ndi mfuti yachidole, patangotha masekondi awiri chifikireni pamalopo. Sanazengedwe mlandu. Cleveland inamuchotsa mu 2017, chifukwa chake n'kukhala chakuti ananama pofunsira ntchito. Ndiye mu 2022 katauni ka Tioga ku Pennsylvania kanamulumbiritsanso kukhala wapolisi, mpaka anthu atachita phokoso ndi pomwe anasiya. Mabwana akakhala 18,000, khomo limodzi likatsekeka ungogogoda lina basi.

Lachitatu ndi lomwe limandiwawa kwambiri. Pa 24 May 2022, mnyamata wa mfuti analowa pasukulu ya pulayimale ya Robb ku Uvalde, Texas. Apolisi 376 anafika pamalopo. Analipo a tauni, a sheriff, a state 91, a m'malire a dziko 149, ndi kapolisi kakang'ono ka masukulu a m'deralo. Anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo, ana ali mkati akuimba foni kupempha thandizo. Ana 19 ndi aphunzitsi awiri anafa. Ambiri mwa apolisiwo ankaganiza kuti wotsogolera ndi mkulu wa polisi ya masukulu, Pete Arredondo, poti sukulu ndi dera lake. Iye anadzanena kuti sankadziona ngati wotsogolera. Anthu 376 a mfuti, aliyense akuyang'ana mnzake. Mantha analipo, inde, koma mantha amabisala bwino pomwe sipakudziwika wolamula.

Nanga khomo lachiwiri lija? Limatseguka, koma mochedwa, ndipo kawirikawiri pokhapokha pakhale kanema. Ahmaud Arbery anathamangitsidwa n'kuphedwa pa 23 February 2020 ku Glynn County, Georgia. Mmodzi mwa omupha, Gregory McMichael, anali wapolisi wakale yemwe anagwirapo ntchito mu ofesi ya wozenga milandu wa m'deralo. Kwa masiku 74 palibe anamangidwa. Kanema atatuluka pa 5 May, ofufuza a state ya Georgia analowerera ndipo patangotha masiku awiri anthu anali m'chitokosi. Umboni sunasinthe, apolisi a m'deralo kanemayo anali naye kale. Chomwe chinasintha n'chakuti dziko lonse linamuona. Ndiye dzifunseni za omwe anafa popanda wojambula.

Ndiponso khomo limeneli kiyi wake ali m'thumba la andale. Lamulo la mu 1994 linapatsa unduna wa zachilungamo mphamvu yofufuza nthambi ya polisi yomwe yazolowera kuphwanya ufulu wa anthu, n'kuikakamiza kusintha moyang'aniridwa ndi khothi. Boma la Obama linagwiritsa ntchito mphamvuyi kwambiri. Jeff Sessions anaichepetsa mu 2018, Merrick Garland n'kuibwezeretsa mu 2021. Mu May 2025, boma la Trump linasiya mapangano osintha polisi ya ku Minneapolis, komwe George Floyd anaphedwa, ndi ya ku Louisville, komwe Breonna Taylor anaphedwa. Chitetezo chomwe chimabwera ndi kupita malinga ndi yemwe wapambana chisankho si chitetezo choti mayi wa mwana wakuda angagonere tulo.

Sindikunena kuti America ikhale ndi polisi imodzi pansi pa White House. Mankhwala amenewo ndi oopsa kuposa matenda. Ndikunena kuti ma state ali kale ndi mphamvu zonse zokonzera izi, ndipo ambiri sakufuna. Akhoza kuphatikiza timapolisi ta anthu asanu tija kukhala nthambi zomwe zingathe kuphunzitsa ndi kulanga anthu ake. Akhoza kulamula kuti wapolisi wochotsedwa chifukwa cha nkhanza alandidwe chiphaso, ndipo tauni iliyonse izifufuza mbiriyo isanalembe munthu. Akhoza kulamula kuti wapolisi akapha munthu, wofufuza achokere kunja kwa deralo, osati mnzake womwera naye khofi. Mlandu wa Derek Chauvin unayenda chonchi: unaperekedwa kwa Keith Ellison, loya wamkulu wa state ya Minnesota, ndipo Chauvin anagamulidwa zaka 22 ndi theka.

Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Tikamati "apolisi a ku America" kapena "FBI ikutani", tikuthandiza olakwa kubisala m'chigulu. Nkhani yotere ikadzabweranso pafoni panu, ndipo ibwera, funsani kuti ndi polisi ya tauni iti, amailipira ndani, sheriff wake anavoteredwa ndi ndani, ndipo wozenga mlandu ndi mnzake wa ndani. Inunso amene mukudikira zotsatira za green card, dziwani kuti yemwe adzakuimitseni pamsewu usiku sadzakhala wa masuti wa mufilimu uja. Adzakhala wa katauni komwe dzina lake simunalimvepo, ndipo bwana wake ali komweko.