Maganizo a Mkonzi: Ogulitsa Aang'ono a Magalimoto Akutha ku America

Mu May 2009, kampani ya Chrysler itamira m'ngongole, inathetsa mapangano ndi ogulitsa magalimoto ake 789 ku America. Ambiri anali mabanja amene bizinesiyo anachita kusiyiridwa ndi makolo. Anawapatsa milungu yosakwana inayi, magalimoto atsopano akadali ndandanda pabwalo. General Motors nayo inalembera makalata otere ogulitsa pafupifupi 1,100.

Otsalawo akumezedwa ndi makampani akuluakulu ogulitsa magalimoto monga AutoNation ndi Lithia Motors. Opanga magalimoto amafuna nyumba zowonetsera zamagalasi okhaokha, zomwe zimadya ndalama zambiri zochokera m'thumba mwa wogulitsa. Wamng'ono azitenga kuti? Kampani ya Tesla ndiye imagulitsa yokha magalimoto ake, osadzera kwa ogulitsa.

Wovutika ndi mlimi wakumudzi amene tsopano amayenda mtunda wautali kukakonzetsa galimoto yake. Opanga magalimoto afewetse zofuna zawo kwa ogulitsa aang'onowa.