Tsitsi la chidole lisathawitse ana

Chidole chathu choyamba tinachisoka ndi sokosi yakale, mabatani awiri a malaya n'kukhala maso. Kumutu tinachiveka khonje wautali woyera, poti ndi amene anali pafupi. Sabata masana, titangochitulutsa kuseri kwa chitenje kuti chiphunzitse za kusamba m'manja, ana atatu a kalasi yaing'ono anathawira kwa amayi awo akulira. Mapemphero atatha, mkulu wina wa mpingo anatiitanira pambali. "Abale, kodi lero mwatilowetsera chilombo m'nyumba ya Mulungu?"

Sitinawatsutse. Kuno ku Mchinji mwana amakula akuona Gule Wamkulu, ndipo khonje wolendewera kumaso amamudziwa kumene amamuona. Ife tinkati ndi tsitsi, ana anaona zina, phunziro n'kuthera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo timafuna kuti chidole chizioneka ngati mwana wa pakhomo pathu, wa tsitsi lakuda, lalifupi, lopotana.

Tsitsi lotero silifuna ndalama zambiri. Tsiku la msika pitani pa kaunjika, kaya pa Kamwendo kaya pa boma, mukafune juzi yakuda yoluka, ngakhale yobooka pachigongono. Itembenuzeni muone msoko. Ngati m'mphepete mwake munadulidwa n'kupanidwa ndi makina, isiyeni, chifukwa pomasula mudzangopeza tizidutswa. Yabwino ndi ija imene mbali zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa. Imeneyo ulusi umabwera wautali. Ichapeni ndi sopo, iume padzuwa, kenako muyambe kumasula. Ulusi umene wakhala zaka uli wolukidwa suwongoka, umatuluka wopindikapindika. Musauviikenso m'madzi otentha, mungauwongole, pamene kupindikako ndi kumene tikufuna.

Chida choyamba ndi kathabwa ndi misomali iwiri. Khomani misomaliyo motalikirana zala zinayi. Zungulizani ulusi pamisomali ka 30, mangani pakati molimba, vulani. Chimatuluka ndi kamtolo kooneka ngati duwa. Osadula m'mbali mwake ayi, mapindowo ndiwo amaoneka ngati tsitsi losapesa la mnyamata wa sitandade 2. Timitolo 12 kapena 15 timakwana mutu wa chidole cha sokosi. Mukafuna mtsikana woluka, sunthani msomali umodzi ufike masentimita 30, sokani mzere pakati pa ulusiwo kuti pakhale pogawira tsitsi, dulani kumapeto, n'kuluka mbali ziwiri monga timalukira ana athu Lachisanu.

Chida chachiwiri ndi kangowe kokokera ulusi. Okonza njinga amataya masipoko othyoka. Pemphani imodzi, noleni kunsonga pamwala mpaka ipyapyale, pindani nsongayo pang'ono, mbali inayo muilowetse m'chitsononkho chikhale chogwirira. Ndi kangoweka timakokera ulusi m'mabowo a kachipewa n'kumanga mfundo, makamaka kutsogolo ndi m'mbali mwa makutu kumene timitolo timasiya mipata. Kangoweka kazikhala ndi akuluakulu okha.

Tanena kachipewa chifukwa tsitsi sitilisokera pachidole penipeni. Timalisokera pa kachidutswa ka sokosi ina kapena ka thumba la anyezi, ndiye n'kumangirira kumutu ndi mabatani. Neti ya udzudzu musaidule, chonde, ngakhale mabowo ake akukopeni. Ili ndi mankhwala, komanso ntchito yake ndi ya pamphasa pogona ana. Chidole chimagwidwa ndi manja ambiri, ena amachipsompsona, ena amachiika pamutu pawo. Kachipewa kovuka kamachapidwa msanga n'kuuma tsiku lomwelo.

Khonje sitinamutaye. Amakhala imvi zabwino za chidole cha agogo, bola adulidwe mwafupifupi, apesedwe mpaka afewe, ndipo duku iphimbe mbali yaikulu. Popala khonje wamuwisi samalani, madzi ake amayabwa. M'tsukeni bwino, aume, musanamugwiritse ntchito. Ndevu za chimanga tinayesa, zikauma zimangoyoyoka.

Chimene timakaniratu ndi tsitsi lotola kometera kapena meshi yomasula pamutu pa munthu. Ena amati limaoneka lenileni, ndipo n'zoona. Koma zipere za m'mutu zimafala kudzera m'tsitsi, m'zipeso, m'zipewa ndi m'makina ometera, ndipo tizilombo take timatha kukhala nthawi yaitali pa zinthu zimenezi. Sitingaphunzitse zaumoyo ndi chida chogawa matenda.

Zipere zomwezi n'zimene zinatiphunzitsa kufunika kwa tsitsi looneka ngati lathu. M'kalasi ya Adventurer simulephera kukhala mwana wa chipere, ndipo mukangotchula dzina la matendawa maso onse amatembenukira kwa iye. Mwana wotero Sabata lotsatira sabwera. Tsono tinasoka kachipewa kachiwiri kokhala ndi malo ozungulira opanda tsitsi, aakulu ngati chitsekerero cha botolo, n'kupakapo choko. Chidole ndicho chimakanda m'mutu, ndicho chimadandaula kuti anzake akuchiseka, ndicho chimaulula kuti chinabwereka chipeso. Ana amachimvera chisoni, amachilangiza, ndipo wa chipere uja amalangiza nawo. Chikanakhala cha tsitsi lachizungu lotsetsereka, sakanakhulupirira kuti chikudwala matenda awo.

Makolo amene amaimirira kumbuyo amamvanso. Kudzera pakamwa pa chidole timawauza kuti chipere cha m'mutu sichitha ndi mafuta opaka okha, chimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo, ndipo awa akalembedwe ndi a chipatala, kaya ku chipatala cha boma pa Mchinji, kaya kwa ife a kumalire ku chipatala chathu cha Mwami, tsidya la Zambia. Za kupaka madzi a batire kapena mafuta a galimoto pamutu pa mwana, chidole chimakuwa chokha kuti zimaotcha. Patapita Masabata angapo timachitulutsanso chitavala kachipewa koyamba kaja, tsitsi litadzaza, ana n'kuomba m'manja.

Amene muyambe mwezi uno, sokani tizipewa tiwirito nthawi imodzi, ndi ulusi wa juzi imodzi. Ife chachiwiri tinasokera ulusi wina wofiirira, ndipo kamtsikana kena kanaimika mkono n'kunena kuti uyu si yemwe uja, ndi mchimwene wake.