Kwa agogo, za jinja wanu uja

Agogo,

Kumene muliko kulibe positi, ndikudziwa, koma dzulo munandipeza m'sitolo kuno ku Leeds, ndiye ndati ndilembe ndithu. Ndinalowa kukagula mkaka basi. Potembenuka ndinangoona mabotolo a jinja ali ndandanda: Fever-Tree, Old Jamaica, Fentimans, Crabbie's woledzeretsa, ndi Bundaberg wochokera ku Australia konse, kabotolo kake kakafupi ngati ka mankhwala a chifuwa. Ndinaima pamenepo mpaka mayi wina anandipempha njira.

Mukanaseka inu. Paja Kamuzu ataletsa Wenela mu 1974, ndege ya Wenelayo itagwa ku Francistown, anzanu anabwerako ku Joni ndi njinga ndi mawailesi. Inu munawonjezapo gemere, amene munati anakuphunzitsani mayi wina wachisutu. Anthu ankati agogo anu asanduka mzimayi, akufulula. Ndowa ija ndikuionabe: jinja wosinja mu kamtondo, shuga wabulauni, makoko a chinanazi, yisiti pang'ono, kenaka kuphimba ndi chitenje chakale n'kuisiya kuseri kwa chitseko. Likamafika tsiku lachitatu, thovu lili tetete. Agogo aakazi ankati chakumwa cha anthu ndi thobwa, izi n'zongowotcha kukhosi, koma pa Khirisimasi kapu yawo sinkasowa pamzere. Nanga usiku umene botolo linaphulika, tonse n'kuthawira panja tili ndi mabulangete poyesa mfuti?

Chodabwitsa n'chakuti chakumwachi chinatchukira kuno ku England m'zaka za m'ma 1700, dziko limene jinja samera kumunda. Ankachita kubwera pa sitima kuchokera ku Jamaica ndi kumayiko akum'mawa. Lero malonda ake akweranso. Achinyamata ambiri akuno achepetsa mowa, koma safuna kukhala m'bala atagwira madzi, ndiye jinja wowaluma pakhosi amawapatsa ulemu. Ena amamusakaniza ndi vodka ndi madzi a ndimu m'kapu yamkuwa, akuti Moscow Mule. Fever-Tree inayambitsidwa ndi anthu awiri okha mu 2004, pofika 2014 inali itayamba kugulitsa masheya ku London. Stoney amene munkamutama uja, wa 1971, alipobe, ndipo ku Tanzania amamutcha Stoney Tangawizi. Kulinso Malawi shandy, wa ginger ale, lemonade ndi timadontho ta bitters, amene amamwedwa mpaka m'mabala a ku South Africa. Dzina la dziko lathu limayenda bwino pa tambula kuposa pa pasipoti, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mliri wa Covid simunauone. Mu 2021 kwathu anthu ankalimbirana jinja, mandimu ndi adyo pamsika, ena akufukiza bulugamu, mitengo n'kukwera. Mankhwala anu a chimfine aja anasanduka golide.

M'sitolo muja ndinatenga mabotolo angapo n'kuwerenga kumbuyo. Ena alidi ndi jinja weniweni, koma ena ndi madzi, shuga ndi kafungo chabe. Zinandiwawa pang'ono. Amene amalima jinja wochuluka padziko ndi a ku India, ndipo alimi a ku Kaduna, ku Nigeria, mu 2023 matenda a m'munda anawaonongera mbewu yambiri. Pabotolo mlimi sakutchulidwapo. Mtengo wa kabotolo kamodzi mukanati ndi wa ndowa yathunthu, n'kugwedeza mutu monga munkachitira ndi wogulitsa nsomba.

Sindinagule lililonse. Ndinagula jinja wamuwisi, chinanazi ndi shuga, ndipo kandowa kanga kali pafupi ndi hita, kophimba ndi chitenje cha amayi. Vuto ndi muyeso. Inu munkangotapa ndi dzanja, ine sindinafunsepo, poti ndinkaona ngati mudzakhalapo mpaka kale. Kuno kukuzizira kwambiri, ndiye m'mawa uno ndinavundukula n'kupeza kuli zii. Ndawonjezera shuga supuni ziwiri. Zivindikiro za mabotolo sindimangitsa, chifukwa mwini nyumba amagona chipinda chapansi ndipo sachedwa kuimbira apolisi.

Ndine mdzukulu wanu,
uja ankanyambita ndowa.