Liŵiro la pa Mtsetse Liyamba ndi Mabuleki

Kudera la Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu, njinga ya kapalasa si chinthu choseŵeretsa ayi. Ndiyo imapita ndi chimanga kuchigayo, ndiyo imatuta feteleza ndi mitolo ya fodya, ndiponso ndiyo imafikitsa mayi wodwala kuchipatala usiku pamene galimoto lasoŵa. Anyamata ambiri a kabaza amadyetsa mabanja awo ndi mphamvu za miyendo yawo. Koma njinga yomweyo ikafika pamtsetse wotsikira kudambo kapena kumlatho imasanduka chopikisanirana. Mnyamata amataya mabuleki naŵeramira pamahandulo kuti anzake aone kuti iye alibe mantha. Masiku ano ena aonapo pa lamya za m'manja akatswiri a kunja akutsika mapiri panjinga ngati mphepo, ndipo mtima wofuna kutengera wakula.

Akuluakulu ena amati mankhwala ake nkuwaletsa basi. Maganizo ameneŵa ngomveka, koma mnyamata woletsedwa pamaso pa makolo amakachita zomwezo kumene kulibe womuona. Chofunika nkumuuza zoona zonse za maseŵero amene akusirirawo. Akatswiri otsika mapiri sapambana chifukwa chosasamala moyo. Amapambana chifukwa adaphunzira kuimitsa njinga asanaphunzire kuithamangitsa.

Kumene maseŵeroŵa adachokera

Mpikisano wotsika phiri panjinga udatchuka koyamba m'dera la Marin, ku California m'dziko la Amereka, mwezi wa Okutobala chaka cha 1976. Anyamata akumeneko adatenga njinga zakalekale zolemera, nayamba kupikisana panjira ya dothi yotalika pafupifupi makilomita 3, yotsika mamita pafupifupi 400 kuchokera pamwamba kufika pansi. Buleki ya njinga zawo inali m'kati mwa habu ya gudumu lakumbuyo, yogwira munthu akapalasa chobwerera. Pofika kunsi kwa phiri habuyo inkatentha kotero kuti girizi wa m'kati ankapsa nkumafuka utsi. Mwini njinga ankayenera kuimasula ndi kupakiramo girizi watsopano asanakwerenso. Nchifukwa chake njirayo adaitcha Repack, dzina lotanthauza kupakiranso. Motero ngakhale dzina la mpikisano woyambawo limakamba za kusamala mabuleki.

M'chaka cha 1990 bungwe loyang'anira maseŵero a njinga padziko lonse, la UCI, lidachititsa mpikisano woyamba wa akatswiri a njinga za m'mapiri ku Durango, ku Amereka komweko. Pa mpikisano wotsika phiri anthu sathamanga chigulu. Aliyense amatsika yekha, ndipo woŵeruza ndi wotchi. Ulendo wonse umatha mphindi 3 mpaka 5, ndipo kaŵirikaŵiri woyamba ndi wachiŵiri amasiyana ndi nthaŵi yosakwana sekondi imodzi.

Kuno ku Malaŵi maseŵero a njinga za m'mapiri sali kutali ndi anthu a ku Nkhamenya. Wotsata mseu wa M1 kuloŵera kumpoto, akapitirira pa Jenda, amafika kumapiri a Viphya m'boma la Mzimba, kumene kuli nkhalango ya Luwawa. M'nkhalango imeneyi mwachitikamo mipikisano ya njinga ya mtunda wautali, yokhala ndi zitunda ndi mitsetse yomwe.

Chitsanzo cha kufupi

Mmodzi mwa akatswiri otchuka koposa pa maseŵero otsika phiri ndi mwana wa kuno kumwera kwa Afirika, Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa. Iye adakhala katswiri wa dziko lonse kanayi: mu 2003, mu 2012, mu 2013 pamene mpikisano udachitikira kwawo komweko, ndi mu 2021 ku Val di Sole m'dziko la Italy, ali ndi zaka 39. Wofuna phunziro ayang'ane mipata ya pakati pa zaka zimenezi. Kuchokera pa chipambano choyamba kufika pa chachiŵiri padapita zaka 9, ndipo kuchokera pa chachitatu kufika pa chachinayi padapita zaka 8. Munthu wongofuna kutamandidwa ndi anzake sangapirire nthaŵi yotalika chotere. Wopirira ndi amene amakonda ntchito yokonzekera, ngakhale pa masiku amene palibe womuombera m'manja. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Maseŵeroŵa si a amuna okha. M'chaka cha 2016 mayi wa ku Britain, Rachel Atherton, adapambana mipikisano yonse 7 ya chikho cha dziko lonse ya chaka chimenecho, napambananso ukatswiri wa dziko lonse. Mtsikana wa ku Nkhamenya amene amapalasa njinga kupita kusukulu ali ndi ufulu wonse wophunzira luso lomweli.

Zimene zithunzi sizionetsa

Chimene anyamata amaona pa lamya ndi mphindi zoŵerengeka za tsiku lomaliza. Zotsala zonse sazionetsa. Mpikisano usanayambe, akatswiri amayenda pansi njira yonse, kuyang'ana mwala uliwonse, muzu uliwonse ndi pokhota paliponse. Kenaka amatsika kangapo moyeseza, poyamba pang'onopang'ono, mpaka njira yonse italoŵa m'mutu. Njinga imayang'anidwa ulendo uliwonse usanayambe. Wokwera amavala chipeŵa cholimba chophimba mutu ndi chibwano, zoteteza mawondo, msana ndi manja. Pali anthu oimirira m'mbali mwa njira ndiponso achipatala odikira. Ngakhale zili choncho, akatswiriŵa amathyokabe mafupa, makamaka fupa la pakati pa khosi ndi pheŵa ndiponso a pamkono.

Tsono mnyamata wa kumudzi amatsika mtsetse wa mchenga ndi maenje, ali ndi thumba la chimanga kapena munthu pakaliyala, mutu uli pambalambanda. Mphira za mabuleki zidatha kale, ndipo pofuna kuima amaponda tayala ndi patapata. Kutsogolo kwake kungatulukire mbuzi, ngolo kapena mwana. Ameneyu sakuchita maseŵero a akatswiri. Watengako liŵiro lokha nasiya zonse zimene zimasunga moyo wa katswiri.

Pali lamulo la chilengedwe limene wopalasa aliyense ayenera kulidziŵa. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda umene njinga imafuna kuti iime umaŵirikiza kanayi. Katundu akachuluka mabuleki amalemedwa, ndipo mikombero yachitsulo ikanyowa ndi mvula mphira zimangoterereka. Buleki yakutsogolo ndiyo yamphamvu, koma woigwira mwadzidzidzi amaponyedwa pamwamba pa mahandulo. Katswiri amagwira zonse ziŵiri mofatsa, thupi atalikankhira kumbuyo, ndipo amachepetsa liŵiro asanaloŵe pokhota, osati ali kale m'katimo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la WHO, lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamseu chaka chilichonse. Oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga za kapalasa ndi apanjinga zamoto. Ngozi zimenezi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ameneŵa ndi msinkhu womwewo wa anyamata opikisana pamitsetse.

Kukonzekeretsa thupi

Munthu angaganize kuti kutsika phiri sikufuna mphamvu popeza njinga imayenda yokha. Sizili choncho. Wotsika amaimirira pazopondera ulendo wonse, miyendo ndi mikono ili kulandira kugunda kwa njira. Manja akatopa zala zimalephera kugwira mabuleki, ndipo mpweya ukachepa maganizo amachedwa. Nchifukwa chake akatswiri amatha miyezi yambiri akupalasa mitunda italiitali ndi kulimbitsa miyendo, msana ndi manja.

Pamenepa mwana wa ku Nkhamenya ali ndi mwayi. Dziko la kuchigwa cha Kasungu ndi lathyathyathya, loyenera kupalasa mtunda wautali umene umalimbitsa mtima ndi mapapo. A WHO amalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo wopalasa theka la ola masiku 5 wakwanitsa kale. Woyamba kumene awonjezere mtunda pang'onopang'ono, napatule tsiku lopumula, pakuti minofu imakula nthaŵi yopumula. Adye nsima ndi nyemba, mtedza, soya, usipa kapena mazira, pamodzi ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso, namwe madzi aukhondo okwanira. Wodwala malungo kapena wotentha thupi asapikisane mpaka atachira. Kusuta fodya kumafupikitsa mpweya. Moŵa nawo umachotsa mantha koma nkuchedwetsa dzanja, ndipo nkofunika kukumbukira zimenezi makamaka nyengo ya msika wa fodya pamene ndalama zili m'matumba.

Munthu akagwa

Kuvulala koopsa koposa ndi kwa m'mutu, ndipo nthaŵi zambiri sikuonekera kunja. Kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti chipeŵa cha panjinga chimachepetsa kuvulala kwa m'mutu ndi theka kapena kuposerapo. Wogwa namenyetsa mutu apite naye kuchipatala msanga ngati adakomoka ngakhale kanthaŵi kochepa, ngati akusanza, akusinza kosalekeza, akuiŵala zimene zachitika, akugwa khunyu, kapena ngati m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi. Wodandaula khosi kapena msana asamutukule mwachisawawa, koma amugoneke pathabwa mutu uli wosagwedezeka. Bala alitsuke ndi madzi aukhondo ndi sopo. Dothi, ndowe ndi mafuta a galimoto siziyenera kuikidwa pabala chifukwa zimaitana kafumbata, ndipo achipatala ndiwo angaone ngati wovulalayo akufunika katemera. Amene adagunda mutu asakwerenso njinga mpaka mutu ndi chizungulire zitatheratu.

Mpikisano wa pamudzi

Ena adzati zipeŵa nzodula ndipo njinga za akatswiri palibe angazigule. Nzoona. Koma mphira ziŵiri za buleki mtengo wake ngochepa kwambiri poyerekeza ndi masabata amene wothyoka fupa amakhala osagwira khasu, fodya ali kupsa m'munda. Kuyenda pansi njira usanaitsike nkwaulere. Kutsika mmodzimmodzi nkwaulerenso. Ndipo popeza pa mpikisano wotere munthu amatsika yekha, gulu la achinyamata likhoza kusonkherana nkugula zipeŵa ziŵiri kapena zitatu zoti azibwerekana.

Mafumu, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo angachite bwino kuwapatsa achinyamata malo m'malo mowathamangitsa. Asankhe njira ya dothi yakutali ndi mseu wa M1, aitseke kwa maola ochepa, ndipo pakhale munthu wodziŵa chithandizo choyamba. Wokonza njinga wa pamsika ayang'ane mabuleki, matayala ndi mahandulo a aliyense, ndipo njinga yolephera isaloledwe. Pasakhale katundu kapena wokwezedwa pakaliyala. Mphotho isakhale ya wofika msanga yekha, koma ikhaleponso ya woimitsa njinga pamzere wolembedwa ndi ya wosamala njinga yake. Mnyamata amene waphunzira zimenezi Loŵeruka ndi yemweyo amene adzanyamula mayi wapakati kupita naye kusikelo Lolemba.

Mtima wofuna kuposa anzako si matenda. Ndi mphamvu yofunika kuiwongolera, monga madzi a mumtsinje amene mlimi amawapatutsira kudimba. Kholo limene mwana wake amakonda liŵiro limufunse funso limene katswiri aliyense amadzifunsa ali pamwamba pa phiri: kodi njingayi ingaime pamene mwini wake wafuna? Ngati yankho lili lokayikitsa, ulendo woyamba ukhale wa kwa wokonza njinga. Paja kuthamanga si kufika.